Ulusi Wofiira M'munda wa Maungu

Panali chinthu chimodzi chimene Kachete anali asanauzepo munthu, ngakhale mayi ake omubala. Tsiku la mayeso a sayansi, pepala lake analipereka loyera mbee, lili ndi dzina lokha. Si kuti mayankho sankawadziwa ayi. Funso loyamba linali lakuti afotokoze mmene duwa limasandukira chipatso, zimene akanatha kuzinena ngakhale ali m'tulo. Koma woyang'anira atangoti yambani, dzanja linayamba kunjenjemera, cholembera n'kumaterereka ndi thukuta. Maola awiri anatha akungoyang'ana wotchi ya pakhoma.

Zotsatira zitatuluka, kunyumba anangoti mwanayu mutu ndi wouma. Iye sanatsutse. Dzina lakuti Kachete sanamupatse pachabe.

Inu amene munagwapo n'kuchita manyazi kudzuka, nkhaniyi ndi yanu.

Kachete anabwerera ku kafamu ka makolo ake, komwe ntchito yake inakhala yolera ana. Panali mapasa a zaka zisanu ndi chimodzi, wamkazi ankamutchula Wailesi chifukwa sankatseka pakamwa, wamwamuna Mphepo chifukwa sankadziwa kuyenda, ankangothamanga. Ndiye panali mzime wa zaka ziwiri, Bwana, amene akaloza chinthu nyumba yonse inkaimirira.

Chaka chimenecho bambo anadzala maungu munda wonse, ndipo banja lonse linkayang'ana pamenepo. Anayanga bwino, masamba ngati maambulera, maluwa achikasu paliponse. Koma tizipatso tinkangofika ngati chala, n'kufota, n'kugwa. Nyengo yotentha inali kumapeto. Kuzizira kukanangofika, basi, chaka chinali chitapita.

Bambo anathira manyowa, anathirira mpaka chitsime chinatsika, koma ayi ndithu. Tsiku lina pa chakudya ananena kuti Loweruka la sabata yamawa atsegulira mbuzi zidye zonse, bola mbuzizo zinenepe.

Kachete anali ataona kale vuto. Chipoperereni mankhwala pa munda waukulu wa kutsidya, njuchi sinaonekenso ngakhale imodzi. Popanda njuchi, ndani akananyamula mungu kuchoka pa duwa lachimuna kupita pa lachikazi? Anatsegula pakamwa kuti anene, mawu anakakamira pakhosi, ndipo anangomwa madzi.

Koma kwa ana sankachita mantha. Madzulo a tsiku lotsatira anawatengera kumunda n'kuwauza kuti kuyambira lero iwo ndi njuchi. Anawaonetsa duwa lachikazi, lokhala ndi kamimba kunsi kwake, ndi lachimuna, la kamwendo kowonda. Lachimuna ankalithyola, kulivula masamba, n'kupaka ufa wake wachikasu m'kati mwa lachikazi. Duwa lililonse lopakidwa ankalimanga ulusi wofiira wosomola pa juzi yake yakale ya kusukulu.

Ana anasangalala koopsa. Mphepo ankauluka m'mizere akulira ngati njuchi, Wailesi ankadalitsa ukwati wa duwa lililonse, Bwana ankadya dothi.

Patapita masiku atatu, tizipatso tonse timene anamanga ulusi tinafota.

Wailesi, monga mwa dzina lake, anaulutsa nkhani yonse pakhonde. Bambo anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu wotopa.

"Sayansi inakukana pa pepala, ndiye ikulole m'munda?"

Mawuwo anamulasa. Anakakhala kuseri kwa khola, misozi ili chuchuchu. Ali pomwepo anakumbukira chimene analakwitsa. Maluwa a maungu amatseguka m'mamawa, dzuwa likakwera amatseka, mungu n'kutha mphamvu. Iwo ankapita madzulo, ukwati utatha kale.

Kutacha anadzutsa njuchi zake mame asanaume. Mphepo anavala kabudula chotembenuza, Wailesi anadandaula njira yonse kuti njuchi zenizeni sizidzutsidwa ndi asisi awo, Bwana anali kumsana akuwodzera. Atafika anapeza maluwa ali yasa, mungu wochita kumata zala. Anapaka, anamanga. Mawa lake chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Minga ya masamba inawakanda manja, juzi inatha dzanja limodzi, kenako linalo.

Tsiku lachinayi Kachete anaona kuti tizipatso ta ulusi sitikugwa. Tinali tonyezimira, tikufufuma. Mtima unadumpha, koma kukauza bambo kunamukanika. Kawiri konse anafika pamene bambowo ankakonza wilibala, kawiri konse anangofunsa ngati akufuna madzi akumwa.

Loweruka linafika. Bambo anapita ku khola n'kuyamba kumasula waya wa pachitseko, mbuzi zikukankhana. Kachete anaima chapatali akungoyang'ana.

Ndiye kunatulukira Bwana, wopanda kabudula, akudzandira kuchokera kumunda, atakumbatira chinthu chobiriwira chachikulu ngati chibakera cha bambo ake. Anali atathothola dzungu loyamba, lalikulu kuposa onse.

"Mpila," anatero, n'kuliponya pa mapazi a bambo.

Mapasa anayamba kulira kuti Bwana wapha mwana wawo woyamba. Koma bambo anatola dzungulo, analitembenuza, n'kuona kaulusi kofiira pa phesi. Anamanganso waya uja, n'kulowa m'munda. Ankavundukula masamba ndi phazi. Pamene panali ulusi panali dzungu. Pamene panalibe panali kofota. Anatsata ulusiwo mpaka kumapeto kwa mzere wachitatu, ndipo pobwerera ankachita ngati athamange.

"Mayi a mapasa, tabwerani mudzaone kuno! Iwe Kachete, tandionetsa, lachimuna ndi liti?"

Kuyambira tsiku limenelo banja lonse linasanduka mng'oma. Mayi anapereka juzi yawo yobiriwira, ana anaikana kuti siioneka m'masamba, mpaka anasomola mpango wofiira wa bambo. Bambowo, ndi zala zawo zonga mipini, ankaphwanya maluwa awiri kuti apake limodzi, ndipo Wailesi anawatcha njuchi ya ndevu. Bwana anamuikira mlonda.

Kuzizira kusanafike, maungu anakhwima. Anali ochuluka moti wilibala inathyoka mwendo, ena anawasanja pakhonde, ena pansi pa bedi la mapasa. Alimi oyandikana nawo, amene minda yawo inagwa maluwa chimodzimodzi, ankabwera kudzafunsa, ndipo bambo ankangoloza mwana wawo ndi chibwano.

Tsiku lomaliza kukolola, awiriwo anakhala pa mulu wa maungu akupuma. Bambo anafunsa, osamuyang'ana, kuti munthu wodziwa zonsezi analephera bwanji mayeso.

Kachete anatambasula dzanja lake. Analiyang'ana. Linali lokandikakandika, zikhadabo zachikasu ndi mungu. Linali dzanja lomwe lija linakanika kulemba mayeso, koma linali litadzaza khonde.

"Bambo, sindinalembe kanthu. Mayankho ndinkawadziwa, koma ndinachita mantha. Ndikufuna ndikalembenso."

Bambo anawerama. Kenako anatola kaulusi kofiira pa phesi la dzungu, n'kumumanga pa mkono.

"Chimene tamanga ulusi sichigwa," anatero. "Ukalembe."

Inunso mwina muli ndi pepala lanu loyera limene simunauzepo munthu. Kufota kamodzi si kutha kwa munda. Musatsegulire mbuzi msanga. Dzukani mame asanaume, mukayesenso, ndipo mawu amene akukakamira pakhosiwo muwanene, ngakhale akunjenjemera. Mtima wokhawo musautaye.