Tsiku Limene Mkazi Wanga Anakhala "He"

Ndiulule bodza langa. Mwezi wonse ndinakalipila azimai amene ndimaphunzitsa Chizungu ku Mwase kuti mwamuna ndi "he", mkazi ndi "she". Kukhosi kunachita kuuma, koma iwo ankangosakaniza.

Loweluka lina mkazi wanga anabwela m'kalasi kudzandipatsa kiyi wa njinga. Ndinamuloza monyada: "My wife, he is a nurse."

Kenako Amai Zimba anakweza dzanja. "Aticha, kansi amai akunyumba ndi 'he'?"

"Ndinali kukuyesani chabe!" ndinanama. Onse anandiombela m'manja, ndipo zimandiwawa mpaka lelo.

Mkazi wanga sanaseke. Kunyumba nditapempha madzi osamba, anati, "Katungeni nokha. Muno muli amuna awili."