Ndinafufuta mawu a apongozi anga chifukwa cha magemu akale

Inu owerenga, ine ndi bambo wa zaka makumi anayi, wapantchito, wa mwana mmodzi, koma ndinawononga chinthu chomwe sichigulitsidwa pasitolo iliyonse chifukwa cha magemu apakompyuta. Ndikulemba ndili ndekha m'nyumba muno ku Chilenje. Mkazi wanga, amake Tiyamike, ali kwa mchimwene wake ku Woodlands pamodzi ndi mwana, ndipo uno ndi mwezi wachitatu. Sindikufuna kuti mundimvere chisoni, ndikungofuna kuti mumve mmene ndinalakwira.

Apongozi anga aamuna anali telala ku Makeni. Anabwera kuno kuchokera ku Malawi ali mnyamata, ndipo sanabwerereko. Ana awo onse asanu anabadwira mu Lusaka, palibe ndi mmodzi yemwe amene anapondako kumudzi kwa bambo awo. Anali munthu wosakonda kukamba zakale, koma atadwala matenda awo omaliza mtima unamasuka. Mkazi wanga ankapita kukawasamalira Loweruka lililonse, ndipo ankaika foni pamtsamiro nkumawajambula mawu. Apongoziwo anatchula mudzi wawo ndi mfumu yake, njira yokafikira kumeneko, maina a makolo ndi abale amene anawasiya, mpaka nyimbo zimene amayi awo ankaimba. Zinatenga miyezi isanu.

Foni itadzaza, ndine amene ndinasamutsira mawuwo mu laputopu ya mkazi wanga nkuwafufuta m'foni. Pakhomo pano ine ndimadziwika ngati katswiri wa makina, ngakhale ukatswiri wanga wonse ndi wa mavidiyo apaintaneti. Mkazi wanga anandipempha kawiri kuti ndikopere mawuwo pa fulashi, kachipangizo kosungiramo zinthu za pakompyuta, kuti akhale pawiri. Kachiwiriko, potopa ndi kukumbutsidwa, ndinangoti ndakopera kale. Linali bodza laulesi chabe, ndipo mumtima ndinkati ndichita mawa.

Apongozi atamwalira, mkazi wanga sanathe kumvetseranso mawuwo. Ankati akangomva kutsokomola kwa bambo ake misozi imayamba. Choncho abale anagwirizana kuti adzamvetsera onse pamodzi tsiku lovundukula chiliza, chaka chikatha, kenaka adzatuma awiri kukafunafuna mudzi uja.

Tsopano za magemu. Ndili kusekondale ndinali ndi mnzanga wa ku Kabulonga amene kwawo kunali kompyuta ija ya chimutu chachikulu. Inabwera ndi bokosi la madiski asanu, onse a magemu a nkhani zam'mlengalenga. Ina unkayendetsa chombo pakati pa nyenyezi, ina unkamenyana ndi zilombo zapadziko lofiira, ina unkamanga mzinda pamwezi. Mnzangayo ankandipatsa mphindi zochepa, ndikafa kamodzi basi walanda. Ndinakula ndi njala imeneyo, ndipo sindinadziwe kuti inali ikadali m'kati mpaka tsiku lomwe ndinaona bokosi lomwelo m'tauni, pamulu wa katundu wakale amene munthu anayala pansi pafupi ndi siteji ya maminibasi. Ndinaligula osanenerera nkomwe.

Kunali kutatsala masabata atatu kuti tivundukule chiliza. Mkazi wanga ndi mphunzitsi, ndipo sabata imeneyo anapita kukachonga mayeso kunja kwa Lusaka, laputopu anaisiya. Lamlungu masana, nditachoka kutchalitchi, ndinaitsegula.

Mavuto anayamba pomwepo. Laputopu zamakono zilibe poika diski, ndiye ndinabwereka kamakina kolumikiza ndi chingwe. Diski inazungulira, koma kompyuta inakana, akuti pulogalamuyi ndi yakale kwambiri. Ndinapeza vidiyo yofotokoza za kapulogalamu kamene kamanamiza gemu kuti ili m'kompyuta yakale. Njira imeneyo inali yabwinobwino, yosawononga chilichonse, ndipo gemu inatsegukadi. Koma inkathamanga ngati yapenga. Chombo changa chinkagunda mwala ndisanagwire nkomwe batani, ndipo mawu ankangolira ngati wailesi yosowa siteshoni. Panali pochepetsera liwiro, kungoti panafunika kuwerenga modekha. Ine kudekha ndinalibe.

Ndinapeza vidiyo ina. Munthu wake anati njira yachidule ndi kuika m'kompyuta pulogalamu ina yoiyendetsa, yopangidwira magemu akale okhaokha. Ndinatsatira zonse. Pakati pake panabwera funso, ngati ndikufuna kuika pambali pa zimene zilimo kale, kapena kugwiritsa ntchito diski yonse ya m'kati mwa laputopu, momwe mumasungidwa zinthu zonse. Inu owerenga, Chingerezi ndimachidziwa, ndimalemba makalata a muofesi tsiku ndi tsiku. Koma m'mutu mwanga ndinaganiza kuti diski yonse ndiye kuti magemu apeza malo okwanira. Panabweranso chenjezo la zilembo zofiira, ndipo ndinadina kuvomera ndisanamalize kuliwerenga. Safunsa anadya phula, ine ndinadya ndi manja awiri.

Magemu anayenda bwino kwambiri. Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinasewera maola atatu, ndikuseka ndekha ngati kamwana. Nditafuna kubwerera kumene mkazi wanga amasunga zinthu zake, ndinapeza kuti kulibe. Zithunzi, mapepala a kusukulu, chikwatu cholembedwa kuti Adadi, zonse mbee.

Apa ndi pamene ndinalakwa koposa, ndipo ndikupemphani mumvetsetse. Ndikanazimitsa laputopuyo nthawi yomweyo nkuimbira mkazi wanga. Koma ndinaopa mawu ake, ndinaopanso kuti bodza la fulashi lidziwika. Ndinadziuza kuti ndikonza ndekha asanabwere. Lolemba ndinanama kuntchito kuti ndikudwala. Ndinabwezeretsa pulogalamu yakale yoyendetsa kompyuta kuti izioneka ngati mmene anaisiyira. Kenaka ndinakopera mapulogalamu obwezera zofufutika, woyamba, wachiwiri, wachitatu, onse ndikuwaika mu laputopu momwemo. Aliyense ankazungulira kwa maola nkundipatsa zinthu zosatseguka. Masiku atatu ndinachita zimenezi, chakudya osalowa, ndipo mkazi wanga akaimba foni ndinkati kuno zonse zili bwino.

Lachinayi ndinasowa mtengo wogwira. Ndinakwera minibasi kupita m'tauni, laputopu ndaikumbatira pachifuwa. Anthu anandilozera kwa ba Saidi, bambo wachikulire amene ali ndi kashopu kokonza makompyuta kuseri kwa msika. Ndinawafotokozera zonse, osabisa. Anachotsa diski ya m'kati mwa laputopu, naiika pamakina awo, nayang'ana kwa nthawi yaitali. Kenaka anavula magalasi nati, "Ba bosi, kufuta kuja sikwenze vuto ikulu. Sembe munazimya chabe na kuleta kuno, sembe tachosa pafupifupi vonse. Manje imwe mwalemba vinthu pamwamba, masiku yatatu. Ndimwe mwavishika."

Ankatanthauza kuti ndikanangozimitsa nkubwera nayo akanapulumutsa pafupifupi zonse, koma ine ndinazikwirira, poti kushika ndiko kukwirira m'manda. Anandifotokozera kuti kompyuta ikafufuta imangochotsa maina pazitseko, eni nyumba amakhala akadali m'katimo, mpaka utalowetsamo anthu ena. Pulogalamu iliyonse imene ndinaika pofuna kupulumutsa mawu a apongozi inkakhala pamwamba pa mawu omwewo. Ndinawachonderera, ndinagwada pasimenti anthu akuona. Anati ndisiye diskiyo ayesa, koma ndisayembekeze zambiri.

Mkazi wanga anafika Lachisanu madzulo, atanyamula mbatata anagula m'njira. Ndinamusiya asambe ndi kudya, kenaka ndinamuuza. Sanakalipe. Anangopumira m'mwamba nati zithunzi ndi mapepala zilibe kanthu, chachikulu nchakuti mawu a adadi ali pa fulashi. Anadzuka kupita kukabati kumene timasunga zikalata. Ndinamuyang'ana akutsegula, akusuntha mapepala, akutulutsa fulashi ija ikadali m'pepala lake la kusitolo, yosatsegula. Anatembenuka nandifunsa motsitsa mawu, "Atate ake Tiya, simunakopele?"

Ndinapukusa mutu. Anakhala pansi pomwepo, msana atatsamira kabati, ndipo analira kulira kumene sanalire ngakhale pamaliro. Mawa lake analongedza zovala zake ndi za mwana.

Tsiku la chiliza linafika. Titachoka kumanda tinasonkhana kwa alamu anga aakulu ku Woodlands. Iwo anali atabwereka kale sipika, ndipo abale ena anachokera ku Kitwe chifukwa cha mawuwo. Mkazi wanga sanauze aliyense, anati mwini mlandu anene yekha. Mkamwini salankhula chilichonse pamaso pa apongozi aakazi, koma tsiku limenelo ndinagwada pakati pa bwalo nkuulula kuti ndinafufuta mawu a malemu pofuna kusewera magemu. Kunena mawu oti magemu pamaso pa anthu ovala zakuda kunandipweteka kuposa mbama. Apongozi aakazi anafunsa munthu wapafupi kuti magemu nchiyani, ndipo atawafotokozera anangophimba nkhope ndi chitenje.

Alamu anga sananditukwane, bola akanatero. Anati, "Ba mulamu, nyamukani. Tate wathu tinamushika kamozi. Imwe mwatishikisa kawili."

Abalewo anayesa kukumbutsana zimene aliyense anamvapo. Boma lake analidziwa onse, koma pa dzina la mudzi anasiyana, wina akutchula ili, wina lija. Mkazi wanga, amene anamva zonse, anali atajambula ali wotopa, uku akusintha zofunda, uku akumwetsa mankhwala, ndipo ankadalira kuti foni ikusunga. Amakumbukira zidutswazidutswa. Apongozi aakazi ndi a kuno, kumudziko sanafikeko. Ulendo uja unathera pomwepo.

Patatha masabata awiri ba Saidi anandiimbira. Pa maola onse aja a mawu a apongozi anapeza kachidutswa kamodzi komveka, kosakwana ndi theka la mphindi. Mumamveka apongozi akukonza kukhosi, bedi likulira, kenaka akuti, "Wayatsa? Chabwino. Khala pansi mwananga, ndikuuze kumene tinachokera." Pamenepo mawu amaduka, kumatsala phokoso lokhalokha. Ndinapita ndi diskiyo kwa okonza ena awiri, ku Kabwata ndi ku Chelstone, ndipo onse anandiuza zomwezo.

Ndinamutumizira mkazi wanga kachidutswako. Sanayankhe. Ankhoswe akhala pansi kawiri, ndipo mkazi wanga akuti za kufufuta angathe kukhululuka, poti aliyense amalakwitsa, koma bodza la fulashi ndi masiku atatu aja amene ndinkamuuza kuti zonse zili bwino ndi zimene zikumukanika. Sindikumutsutsa. Ndimapita kukaona mwana Loweruka, ndimakhala pakhonde ngati mlendo, ndipo sindidziwa ngati banja langa lidzabwerera.

Inu owerenga, magemu akale si tchimo, ndipo njira zowayendetsera m'makompyuta atsopano popanda kuwononga zilipo. Koma musayesere pa makina amene akusunga zinthu za munthu wina. Kompyuta ikakuonetsani chenjezo, werengani mpaka kumapeto, ndipo ngati simukumvetsa funsani amene anaphunzira ntchitoyo. Chinthu chimene muli nacho pamalo amodzi okha, kaya ndi mawu a kholo, kaya zithunzi, koperani lero lomwe, musanene kuti mwakopera musanachite. Ndipo mukafufuta mwangozi, zimitsani makinawo nthawi yomweyo, musakhudze chilichonse, nkukanena zoona tsiku lomwelo. Kukalipiridwa kumatha ndi tsiku limodzi. Ine ndinathawa tsiku limodzi limenelo, ndipo Loweruka lapitali mwana wanga anandiuza kuti amayi ake amadzitsekera kuchipinda nkumamvetsera agogo akuwauza kuti akhale pansi, mobwerezabwereza, kudikira zimene sizidzanenedwanso.