Liwu Limene Tinkaimba ndi Mapazi

Ndikakumbukira Bambo Remi, ndimamva fungo la utomoni umene ankapaka pa uta wa vayolini yawo, losakanikirana ndi utsi wa zinyalala zimene amayi ankatentha madzulo. Nyumba yathu inali kuseri kwa mpanda wa mishoni, kunja pang'ono kwa Balaka, ndipo sitima ikangodutsa, tinkawamva Bambo Remi ali pakhonde, atayala thabwa pansi pa nsapato, manja akuliza kaligo wachizunguyo, mapazi akugunda: gu-gudu, gu-gudu.

Anali wansembe wochokera ku Canada, kwa anthu olankhula Chifalansa. Asanalowe unsembe ankaimba m'maukwati. Ankati kwawo kunalibe ng'oma, choncho bambo awo, ocheka matabwa, anawaphunzitsa kuti mapazi ndiwo ng'oma ya mmphawi. Kuno ankapeka nyimbo za m'tchalitchi, ndipo nthawi zambiri ankaima pampanda kumvetsera amayi akusinja.

"Abambo, mwabweranso kudzaba nyimbo?" amayi ankatero.

"Iyayi, mayi, ndikungobwereka. Ndibweza Lamulungu."

Chaka china anapeka nyimbo ya chikondwerero cha Khristu Mfumu. Kolasi yake inkati, "Wamuyaya ndi mmodzi yekha, Mulungu wathu." Iwo sanaganize zambiri, koma masiku amenewo mtsogoleri wa dziko nayenso ankatchedwa wamuyaya. Kwaya, mmene amayi ankaimbamo, itayamba kuiphunzira, tcheyamani wa chipani m'dera lathu, amenenso anali Mkatolika, anafika pakhonde atagwira chipewa m'manja. Ine ndi amayi tinali pampanda.

Tcheyamani anati, "Abambo, liwu ilo lili ndi mwini wake kuno. Akalimva akuluakulu, akukwezani ndege musanamange n'komwe zingwe za nsapato."

"Ndiye ndiname pamaso pa Mulungu?"

"Sindinati muname. Ndati musaliimbe."

Phazi la Bambo Remi linayamba kugunda thabwa. Kenaka anati, "Chabwino. Sitiliimba."

Lamulungu tchalitchi linadzaza, ndipo mitima inali m'mwamba, poti tonse tinkadziwa kuti tikhoza kuwataya Bambo Remi. Itafika kolasi, kwaya inatseka pakamwa, ndipo pamalo pa liwu lija panamveka nsapato za Bambo Remi: gu, gu, gu, gu. "Ndi mmodzi yekha, Mulungu wathu!" Pobwereza, amayi anagunda nawo, kenaka ife ana ndi zidendene zathu zong'aluka, mpaka fumbi linakwera m'kuwala kwa pazenera. Ndinasuzumira kutsogolo kumene kunakhala tcheyamani. Nkhope inali gwa, koma nsapato yawo yakumanja inkagunda nafe. Kuyambira tsiku limenelo sindifulumira kuweruza munthu.

Palibe anawakweza ndege. Anakalambira pakati pathu, napeka nyimbo zina zambiri, ndipo manda awo ali pamishoni pomwepo.

Pamaliro a mkazi wanga Agnesi, achinyamata a kwaya anaimba nyimbo ija ndi liwu lake lonse, poti tsopano palibe woletsa. Ife achikulire tinangopezeka tikugunda pansi. Masiku ena ndikamapemphera, dzina la Agnesi limandikanika kutchula. Sindidzikakamiza. Ndimagunda phazi pasimenti pang'onopang'ono, n'kupitiriza pemphero, podziwa kuti Mwini wake wamva.