Mwendo Wakufa Unamenya Beseni

Ndikakumbukira ndimasowa pokhala. Ndinanama kuti mwendo wanga wafa. Udzu unali utamiza chimanga changa ku Khwethemule, ndipo kapitawo sakanandilola kusiya kuthyola tiyi. Ndinalowa m'chipatala cha esiteti ndikuukoka mwendowo ngati chipika, mtima uli kumunda.

Dokotala wachizungu anandikhazika patebulo n'kugogoda bondo ndi kanyundo. Mwendo wakufa uja unamenya theche beseni la mankhwala, ngwee!

"Musadabwe, bambo," anatero womuthandiza, akubisa kuseka. "Mitsempha sigundana, koma uthenga umadumpha kampata ka pakati pake, ngati anthu ofuulirana kutsidya kwa mtsinje. Sudikira kufunsa mutu."

"Mwina wayamba kuchira," ndinatero.

Ndinatuluka ndikutsimphinabe kuti ndisunge ulemu. Pakhomo mpamene ndinazindikira kuti ndikutsimphina mwendo winawo.