Ng'oma ya ku laibulale

Mwana wanga wamkazi ali giredi yachiwiri ku South Bend, kuno kutsidya kwa nyanja, anakauza aphunzitsi ake kuti bambo ake ndi katswiri wa ng'oma. Umboni wake unali umodzi basi: ndine wa ku Afirika. Aphunzitsiwo anandilembera kalata yaulemu kuti ndikaimbire ana pakatha masabata atatu.

Ine ng'oma? Ndinakulira pamishoni, bambo anga ali mkulu wa mpingo, ndipo ukangogogoda tebulo ndi zala ankakuyang'ana ngati waba nkhuku. Koma mwanayo anali atalengeza kale kalasi yonse. Kumuchititsa manyazi sindikanatha.

Ndinapita ku laibulale. Mayi wa pakauntala anandipezera sidi ndi kabuku kake, zophunzitsa jembe, ng'oma ya ku Gine. Ndinamuuza kuti Gine ndi kwina, kwathu ndi kwinanso. Anamwetulira n'kudinda tsiku lobweza.

Masiku amenewo kumapeto kwa sabata ndinkasamalira okalamba ku Indianapolis, mzinda wakutali ndithu, ndiye sukulu yanga inali m'galimoto. Njira yonse ndikumenya chiwongolero, bambo wa m'sidi akuwerenga modekha, ine ndikumukalipira kuti akuthamanga. Kawiri konse ndinaliza hutala mosafuna. Kunyumba ndinkamenya ndowa mpaka akazi anga anati, "Bambo ake, anthu apansiwa atiitanira apolisi. Zonsezi chifukwa choopa kamwana?"

Tsikulo litafika anandipatsa jembe ya pasukulupo, ana atakhala pansi mondizungulira. Ndinaimba nambala folo ya pa sidi, poti ndi yokhayo imene inalowa m'mutu. Pakatikati manja anangoima okha, kenako n'kulumphira kutsogolo. Pamalo pamenepo sidi ija inali yokalika, inkadumpha, ndipo ine ndinali nditaloweza ndi kudumphako komwe. Aphunzitsi ananong'oneza ana kuti amvetsere bwino kachetechete kameneko, ndi luso la makolo. Ndinavomera ndi mutu, thukuta lili kamukamu.

Pobwerera mwanayo anali kumpando wakumbuyo, chimwemwe chili tsaya. Ndinamufunsa m'Chichewa ngati ndakhoza, iye n'kuyankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse. Anati ndakhoza kwambiri, ndipo ngakhale akudziwa kuti inali ya m'sidi, saulula. Kenako anati tsopano ndimuimbire ya kwathu yeniyeni, imene ndinkaimba ndili ngati iyeyo.

Ndinafufuza m'mutu kuchokera pageti la sukulu mpaka pakhomo. Zinandiwawa, kunena zoona. Ndinalibe ngakhale imodzi yomupatsa.