Mtengo wa Khrisimasi wa msinkhu wanga

Lero ndathyola nthambi ya mkungudza, utomoni wake wandimata m'zala. Ndi fungo la Disembala wina wa m'ma 1950, ndili mwana wa sukulu ku Mandimba.

Bambo anga ankaphika kwa Mpwitikizi wa sitolo. Mkazi wake, dona, anafuna mtengo wa Khrisimasi woimika m'nyumba. Bambo anasankha monga asankhira nsanamira, wautali ndi wowongoka, ndipo unagunda denga. Wachiwiri unakanika kulowa pakhomo.

"Iwe, m'mutu mwako muli madzi?" dona anawakalipira bambo, ine nditaima pakhonde ndi mabuku anga. Kenako anandikoka phewa nasanjika dzanja pamutu panga, chikhatho chitayang'ana pansi monga tiyezera mbuzi. Kwathu munthu sayezedwa choncho. Dzanjalo linkanunkha sopo.

"Wotalika chonchi. Ndiuone mawa."

M'njira bambo anayenda osatembenuka.

"Mwanawe, wa msinkhu umenewo ulipo umodzi wokha."

"Ndi wanga, bambo."

Unali kuseri kwa nyumba yathu. Mbande yake ndinalandira kumishoni, ndipo ndinauthirira ndi chikho zilimwe zitatu.

"Ndikudziwa," anatero. "Koma ndikapita chimanjamanja, ntchito yatha."

Ndinakakhala pansi pa mtengowo ndi kope langa lobisa, ndipo ndinalemba mokanikiza mpaka pensulo inaboola pepala: "Dona uja ndikudana naye. Mawa ndidula ndekha, bambo asaukhudze. Ndiusenza ndekha mpaka pakhomo pake, ndipo pomupatsa sindigwada."