Mpeni Wopinda wa Mkamwini

Anthu akamayamikira timipeni topinda tija, ati n'tabwino chifukwa timabisika m'thumba, ine ndimangoti mxii n'kuyang'ana kumbali. Akuuza ndani? Mpeni wotere unakhala m'nyumba mwanga zaka zambiri, ndipo ndinaupereka ndekha, ndi manja awiri, nditagwada.

Unali wa malemu amuna anga. Iwo kwawo kunali ku Nsambe, ndipo anabwera kudzakhala chikamwini kwathu kuno, kumtunda kwa Matandani. Mpeniwo anaupeza kwa bambo wina wa ku Mozambique, nthawi imene ku Luwani kunali msasa wa othawa nkhondo. Anasinthanitsa ndi nkhuku yanga yathadzi, osandifunsa, ndipo tsiku limenelo ndinalalata mpaka mawu kusasa. Nkhuku yoikira kupita chifukwa cha kachitsulo kotalika ngati chala! Chogwirira chake chinali cha mtengo wakuda, ndipo akautsegula unkalira kuti tcha.

Ankaukonda moti nthawi zina ndinkachita nawo nsanje. Ankati chikwanje n'chamwano, chimakuneneratu uli patali, ana n'kuyamba kuthawa, pomwe uwu suopseza munthu. Ankalowa nawo m'tchalitchi abusa osadziwa. Masiku a chipani chimodzi, anyamata ofunsa makadi a chipani pamsika ankawagwedeza matumba, koma mpeniwo sanaupezepo, chifukwa anausokera kathumba kakekake m'kati mwa lamba. Kubwereka ndiye musayerekeze. Tsiku lina ndinangosendera chinangwa, nkhope yawo inagwa ngati ndatukwana apongozi. Anakhala pakhonde madzulo onse akuunola pa kamwala, n'kumayesa kumeta ubweya wa pamkono.

Ntchito ya mpeniwo inali imodzi: kumezanitsa manachesi. Ankafesa njere za mandimu, mbande zikakula n'kucheka khungwa pang'ono, kulowetsamo diso la nthambi ya nachesi, n'kumanga ndi timizere ta mapepala a shuga. Ankati mpeni wobuntha umang'amba, ndipo mtengo wong'ambidwa sugwira. Anadzaza kamtsetse konse ka kumunsi kwa nyumba, pa malo amene mayi anga anandisiyira.

Anthu ankawaseka. Kuno mkamwini sadzala mitengo, amadziwa kuti mlendo ndi mame. Alongo anga, amene ndi eni mbumba, ankaima m'mphepete mwa munda n'kumati, "Alamu, mukufuna mudzainyamule pamutu tsiku lochoka?" Amuna anga ankangomwetulira, maso ali pa khungwa.

Mitengo inayamba kubereka bwino matipate atangolowa. Magalimoto a ogula zipatso anayamba kukwera mapiri athu ngakhale msewu unali wa masautso, ndipo osekawo anayamba kubwera kudzapempha mbande. Mwana wathu woyamba, wamkazi, anasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo anapitadi chifukwa cha manachesi. Chimanga kuno pa zitunda zathu sichikwana chaka. Chimene chinkatifikitsa ku masika, ine ndi ana anga, inali mitengo imeneyo.

Kenako amuna anga anayamba kutsokomola. Sindikufuna kufotokoza za miyezi imeneyo. Anamwalira nthawi yachisanu, zipatso zili psuu m'mitengo. Powavula thalauza lomaliza ndinaupeza mpeni uja m'kathumba kake, ndipo ndinaumanga pa ngodya ya chitenje changa osauza munthu. Sindinaganize kuti ndikuba. Ndinkangofuna kanthu koti ndizikagwira.

Patapita masabata angapo, abale awo anabwera kudzandisudzula, kundimasula ku ukwati monga mwa mwambo. Wotsogolera anali mkulu wawo wa malemu, alamu anga, munthu woyankhula mofatsa amene sanabwerepo kudzazonda matenda. Anavala sikipa ya chipani pansi pa jekete. Anatulutsa njinga, wailesi, nsapato, mabulangete, ngakhale makasu. Ine ndinangokhala pamphasa n'kumaonerera. Ndinati tengani, zonsezo n'zogula.

Atamaliza kumanga katundu analoza kumunsi.

"Nanga mitengo ija?"

Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anayang'anana. Alongo anga anati, "Alamu, nthaka ndi ya mlongo wangayu. Mtengo uli pomwe pali mizu yake."

"Thukuta ndi la mng'ono wanga," anatero alamu. "Ino ndi nthawi ya ufulu. Zomapondereza anthu zija zinatha. Chaka chilichonse tizibwera kudzathyola, apo ayi tigawane mitengo."

Aa! Pamenepo magazi anandiwira. Ndinaimirira pamaso pa akuluakulu, ulemu n'kuuiwala. "Ufulu wake uti? Mng'ono wanu ankasanza magazi m'nyumba muno, inu munali kuti ndi ufulu wanuwo? Madzi othirira mbande ankatunga ndani, si mutu wanga uno? Mwaona manachesi ndiye mwakumbukira kuti munali ndi m'bale, eti?" Amayi ena ankandikoka chitenje kuti ndikhale, koma ndinayankhula zonse. Sindikunong'oneza bondo ndi liwu limodzi lomwe.

Ankhoswe anagamula kuti mitengo itsala. Ngakhale a mbali yawo anavomereza. Ndinkayembekeza kuti alamu akalipa, koma anangoweramitsa mutu. Atadzutsa nkhope, mawu anali ozizira ngati madzi a mumtsuko.

"Ndamva. Mawu a akuluakulu sitikana. Koma pali kanthu kamodzi sindinakaone pa katunduyu. Mpeni wopinda uja. Alamu, ndipatseni umenewo basi, ndizimukumbukira mng'ono wanga."

Ngodya ya chitenje inali m'manja mwanga. Alongo anga anasendera n'kundinong'oneza kuti, "Ngati uli nawo, pereka. Munthu wagonja kale, usamuchititse manyazi kawiri. Kanthu kakang'ono kaombole munda." Ndinaona kuti akunena zoona. Komanso, ndisaname, anandimvetsa chisoni bambo uja. Ndinamasula mfundo, ndinagwada, n'kuupereka. Anautsegula, unalira kuti tcha, ndipo misozi inandigwa pomwepo.

Alamu anagona kwa alongo anga. M'mawa mwake, dzuwa litakwera, anabwera pakhomo n'kupempha mwaulemu kuti akatsanzike ntchito ya manja a mng'ono wawo. Ndikanakana bwanji? Anatsika okha. Ine ndinali pakhonde ndikusankha nyemba, ndipo ndinkawaona bwinobwino. Ankafika pa mtengo, kugwada, kukhalitsa atawerama, kenako kuunjikira dothi pa tsinde ndi manja, n'kupita pa wina. Mtengo uliwonse, osadumpha. Malemu ankachitanso chimodzimodzi akamayendera mitengo yawo, ndipo ndi msana ankafanana. Ndinati kalanga ine, ndamulalatira munthu wolira. Ndinatenga thobwa m'chikho kutsika nalo. Atandiona anabwera msanga kudzandichingamira m'mphepete mwa munda, anamwa lonse, n'kuthokoza. "Mwandikumbukira, alamu. Mulungu akudalitseni." Ndinabwerera kumtunda kuti ndisawasokoneze.

Anachoka masana ndi katundu wawo pa njinga ya malemu.

Chilimwe chimenecho mitengo inachita maluwa amene sindinawaonepo. Mbuu kamtsetse konse, fungo mpaka kunjira, njuchi kuchita kusokosa. Azimayi opita kumadzi ankaima n'kumati, "Amuna ako akugona bwino, taona akukusiyira madalitso." Ine n'kumavomera, chitsiru ine. Ndinamuuza mwana wanga atabwera ku holide kuti asadere nkhawa, sukulu amaliza. Sindinkadziwa kuti mtengo ukadulidwa khungwa umachita maluwa ambiri usanafe. Amene ankadziwa zimenezo anali m'manda.

Tizipatso titangoyamba, masamba anayamba kuchita chikasu. Ndinati ndi dzuwa. Ndinasenza madzi kuchokera kumtsinje mpaka khosi kuuma, ana akundithandiza. Ndinathira phulusa, ndinathira manyowa a mbuzi. Tizipatso tinkangoyoyoka.

Mvula yoyamba inagwa yamphamvu, madzi n'kukokolola dothi pa kamtsetse paja. Itakata ndinatsika kukaona. Pa mtengo woyamba, mulu wa dothi uja unali utapita, ndipo tsinde linali pamtunda. Pansi penipeni panali mzere wozungulira, khungwa litachotsedwa mulifupi ngati zala ziwiri, mtengo uli gwaa, wouma. Mochekamo munali mosalala, mopanda pong'ambika ngakhale pamodzi. Chikwanje sichicheka choncho. Mpeni wa kukhitchini sucheka choncho.

Ndinathamangira pa wachiwiri n'kufukula ndi zala. Chimodzimodzi. Wachitatu, chimodzimodzi. Ndinakwawa m'matope munda wonse ndikufukula, ndikuti mwina anatopa, mwina anaiwalako umodzi. Sanaiwale. Ndinalira maliro achiwiri pamenepo, ndipo anthu anathamanga kuganiza kuti kwamwalira mwana.

Alongo anga anafika, anayang'ana, n'kugwira pakamwa. Ndinawafunsa kuti, "Si inu munati kanthu kakang'ono kaombole munda?" Anangopita kukaitana ankhoswe. Ankhoswe anati nkhani yake njovuta, popeza palibe amene anaona mpeni ukucheka. Ndinati ine ndinaona! Ndinakhala pakhonde n'kuonerera kuyambira mtengo woyamba mpaka womaliza, ndinawapatsanso thobwa kuti apeze mphamvu. Iwo anati chimene ndinaona ndi munthu atagwada. Chifundo chinaphadi nkhwali.

Sindinadikire za milandu. Ndinadzuka m'mawa wina n'kuyenda wapansi mpaka ku Nsambe, matope mpaka m'mawondo, nditanyamula kachidutswa ka tsinde kamene ndinadula ndi nkhwangwa. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikawalavulire.

Ndinawapeza alamu atakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pawo, akusenda mbatata yaiwisi ndi mpeni womwe uja. Sanaubise. Anaitana akazi awo kuti andiyalire mphasa, n'kundilonjera ngati mlendo wolemekezeka.

"Mwayenda bwanji, alamu? Kunyumba kuli bwanji?"

Sindinakhale pamphasapo. Ndinaponya chidutswa chija pamapazi pawo.

"Ichi n'chiyani?"

Anachiyang'ana osachitola. "Mitengo inali ya mng'ono wanga. Yatsatira mwini wake."

"Mulibe manyazi? Mfiti yeniyeni imadya akufa, inu mwadya amoyo! Mwana wa mng'ono wanu ali ku sekondale. Ang'onoang'ono aja adya chiyani? Si magazi anu amenewo?"

Anapukuta mpeni pa thalauza, anaupinda, n'kuulowetsa m'thumba. Kenako anandiyang'ana, nkhope ili phee.

"Magazi athu? Alamu, tsiku lija munanena bwino pamaso pa anthu, ndipo ankhoswe anagamula. Nthaka ndi yanu. Ana ndi a kwanu, mbumba ya alongo anu. Ife kuno tinangokubwerekani tambala. Alongo anuwo awadyetse."

Mwambo umene unandisungira munda ndi womwewo anandimenya nawo, ndipo panalibe liwu limene ndikanati anama. Akazi awo anali ataima pakhomo ndi chikho cha madzi, osadziwa kuti andipatse kapena ayi. Ndinatembenuka n'kuyamba ulendo wobwerera.

Mwana wanga ndinamupeza pakhomo atachapa yunifolomu, akuyanika, pokonzekera kutsegulira sukulu. Ndinamuuza kuti aipinde aiike m'sutikesi, kusukulu sabwereranso. Sanafunse chifukwa chake. Anayang'ana kumunsi kuja, anaanula yunifolomu ikadali yonyowa, n'kulowa nayo m'nyumba.